Paul Morphy, Katswiri wa Tchesi Amene Adathawa Mbiri Yake Yomwe

Ali yense amene adalowapo m'kalabu ya anthu osewera tchesi, ngakhale kalabu yaing'ono ya pa sukulu kapena ya m'tauni, adamvapo dzina la Paul Morphy. Papita zaka zoposa 140 chimwalirire munthuyu, koma masewera ake akali kuphunzitsidwa kwa oyamba kumene, ndipo akuluakulu amawabwereza pa thabwa lao monga momwe munthu amabwerezera nthano yokoma imene adaimva ali mwana. Nthawi imene iye adalimbana ndi akatswiri a maiko idali yaifupi zedi, pakuti idayamba m'Okotobala 1857, ndipo pofika Meyi 1859 idali itatha. Pa miyezi yowerengeka imeneyi adagonjetsa onse amene adalola kupikisana naye. Zaka 25 zotsatirazo adazitha akuyesayesa kuti anthu aiwale zimenezi ndi kumuona ngati munthu wa ntchito ina, koma anthu adakana. Mbiri yake ndi ya munthu amene adalandira mphatso yaikulu, nasowa poiika.

Tchesi ndi masewera otani

Popeza si owerenga onse amene adaona tchesi, n'koyenera kuyamba ndi kulongosola pang'ono. Tchesi ndi masewera a anthu awiri okhala moyang'anana, monga amachitira a bawo, ndipo wopambana amapambana ndi kuganiza kwake basi. Thabwa lake liri ndi timabwalo 64, toyera ndi takuda mosinthana. Wosewera ali yense ali ndi ankhondo 16, ndiwo tiziboliboli tosema: mfumu, mfumukazi, nsanja 2, abishopu 2, akavalo 2 ndi asilikali wamba 8. Mtundu uli wonse uli ndi kayendedwe kake. Mfumukazi ndiyo yamphamvu koposa, pakuti imayenda mtunda wautali cholunjika ndi chopingasa pomwe. Msilikali wamba amangopita chamtsogolo pang'ono pang'ono, osabwerera m'mbuyo. Awiriwo amasuntha mopatsana mpata, ndipo masewera amatha pamene mfumu ya wina yazingidwa kotero kuti iribe pothawira. Zikakanika mbali zonse ziwiri, amati alepherana.

Masewerawa adayambira ku India zaka pafupi 1,500 zapitazo, nafika ku Persia, ndipo Aluya adawatengera ku Spain. Limodzi mwa mabuku akale otchuka ofotokoza kaseweredwe kake adalilemba ndi wansembe wa ku Spain, Ruy López, m'chaka cha 1561, ndipo njira ina yoyambira masewera imatchedwa dzina lake mpaka lero.

M'masiku a Morphy kudalibe bungwe loyang'anira tchesi pa dziko lonse. Limenelo lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1924 ku Paris. Odziwa masewerawa ankakomana m'makalabu ndi m'nyumba zomwera khofi. Mpikisano woyamba wa maiko ambiri udachitika ku London m'chaka cha 1851, ndipo adapambana ndi Adolf Anderssen, mphunzitsi wa masamu wa ku Breslau. Koma tchesi iri ndi ubwino umodzi umene masewera ena alibe: kusuntha kuli konse kumalembedwa pa pepala, kotero kuti munthu wokhala kutali angathe kuyala thabwa lake, natsata masewera onse kuyambira poyamba mpaka potsiriza, ngati kuti adaliko. Ndi chifukwa chake osewera wamba a m'makalabu ankadikira nyuzipepala ndi mtima wonse, ndipo ndi mwa njira imeneyi dzina la Morphy lidafalira msanga.

Ubwana ndi maphunziro ake

Paul Charles Morphy adabadwa pa 22 Juni 1837 mu mzinda wa New Orleans, m'chigawo cha Louisiana, kumwera kwa dziko la America, kufupi ndi kumene mtsinje waukulu wa Mississippi umathira m'nyanja. Mzindawu udalamulidwa ndi France ndi Spain usanakhale wa America m'chaka cha 1803, ndipo mabanja ambiri a kumeneko adali Akatolika olankhula Chifalansa. Banja la Morphy lidali limodzi mwa mabanja otere, lolemera ndi lolemekezeka. Atate ake, a Alonzo Morphy, adali loya amene adakwera mpaka kukhala woweruza m'bwalo lalikulu la Louisiana. Amai ake, a Thelcide Le Carpentier, adali aluso pa nyimbo. Tsiku Lamulungu abale ankasonkhana pakhomo pao, ena kuimba, ena kusewera tchesi.

Palibe amene adamkhazika pansi Paul kuti amphunzitse. Iye ankangoima pambali chete, kupenyerera atate ake akusewera ndi mbale wao, a Ernest Morphy. A pabanjapo ankasimba kuti tsiku lina akulu awiriwo ataleka masewera poganiza kuti alepherana, mwanayo adanena kuti a Ernest akadapambana. Ndipo iwo ali chidabwire, iye adabwezera tiziboliboli m'malo mwake, naonetsa njira imene onse awiri sadaione. Ali ndi zaka 9 adali kale mmodzi wa osewera amphamvu a mumzindamo. M'chaka cha 1850, iye ali ndi zaka 12, kudafika mlendo dzina lake Johann Löwenthal, katswiri wa ku Hungary amene adathawa kwao chifukwa cha nkhondo. Mlendoyo adasewera ndi mwanayo katatu, osapambana ndi kamodzi komwe.

Kumapeto kwa chaka chomwecho makolo ake adamtumiza ku Spring Hill College, sukulu ya ansembe Achijezuiti pafupi ndi mzinda wa Mobile, m'chigawo cha Alabama. Kumeneko adaika mtima pa Chilatini, Chigriki, masamu ndi filosofi, ndipo tchesi sankasewera kawiri kawiri. Komabe adaphunzitsako mnzake wa pa sukulupo, Charles Maurian, amene adakhala bwenzi lake la pamtima moyo wake wonse. Potsiriza maphunziro m'chaka cha 1854 adalemba nkhani yofotokoza za nkhondo, naonetsa kuti zifukwa zoloreza nkhondo ndi zochepa kwambiri. Adakhalanso chaka china pa sukulupo, ndipo m'chaka cha 1855 adalandira digiri yachiwiri ndi ulemu wapamwamba.

Atachoka apo adakaphunzira malamulo pa University of Louisiana, pofuna kutsata mapazi a atate ake. Atate akewo adamwalira mu Novembala 1856. Mu Epulo 1857 Paul adatsiriza maphunziro a uloya asanakwanitse zaka 20, ndipo anthu ankati buku la malamulo a Louisiana adalidziwa pamtima. Koma lamulo silidalole munthu kugwira ntchito ya uloya asanafike zaka 21. Tsono mnyamatayo adatsala chikhalire, wopanda chochita kwa chaka ndi miyezi. Chimene chidamtsekulira njira ya ku mipikisano chidali kudikira kumeneku. Iye mwini ankaona tchesi ngati chotayitsa nthawi mpaka tsiku loyamba ntchito yake yeniyeni.

Mpikisano wa ku New York

Mu Okotobala 1857 osewera a ku America adakonza mpikisano wao woyamba wa dziko lonse, ku New York. Morphy poyamba adakana kupitako, koma a Ernest adamlimbikitsa. Osewera adalipo 16, ndipo dongosolo lidali lakuti azilimbana awiri awiri, wogonja n'kutuluka. Anthu adaona mnyamata wamfupi, wochepa thupi, wovala mwaudongo, wofatsa ndi waulemu. Iye adagonjetsa James Thompson, Alexander Meek ndi Theodore Lichtenhein, natsala ndi Louis Paulsen, Mjeremani amene ankakhala ku Iowa.

Masiku amenewo kudalibe mawotchi oyesera nthawi ya wosewera, monga kuliri tsopano. Paulsen ankaganiza nthawi yaitali asanasunthe, kotero kuti masewera ena adatha maora oposa 10, Morphy ali chikhalire, osadandaula poyera. Pa masewera achisanu ndi chimodzi adachita chinthu chimene chidadabwitsa openyerera: adapereka dala mfumukazi yake, nalandirapo bishopu yekha, pakuti adaoneratu kuti mfumu ya Paulsen ikhala pambalambanda. Adapambana masewerawo, ndipo potsiriza adagonjetsa Paulsen kasanu, nagonja kamodzi, nalepherana naye kawiri. Pa mpikisano wonse adasewera ka 18, napambana ka 14, nagonja kamodzi kokha.

Apa mpamene padaoneka khalidwe lina limene lidamtsata moyo wake wonse. Iye ndi a kwao ankaona kusewera chifukwa cha ndalama ngati chinthu chochititsa manyazi, chosiyana pang'ono ndi juga. Mphotho yake tsono idali ziwiya zasiliva, osati ndalama. Atagonjetsanso Charles Stanley, amene kale ankayesedwa wopambana onse ku America, ndalama zobetcherana, madola 100, adazipereka kwa mkazi wa Stanley, pakuti banjalo lidali pa umphawi.

Ulendo wa ku England

Ku America kudalibenso wolimbana naye. Maso a onse adatembenukira kwa Howard Staunton wa ku London, amene adagonjetsa katswiri wa ku France m'chaka cha 1843, nakonza mpikisano uja wa 1851, ndiponso ankalemba za tchesi m'nyuzipepala yotchuka ya Illustrated London News. Tiziboliboli timene anthu amasewera nato m'mipikisano lero timatchedwa dzina lake. Kalabu ya ku New Orleans idamlembera kalata yomuitana kuti adzasewere ndi Morphy pa madola 5,000 mbali iri yonse. Staunton adayankha kuti ulendowo ngwautali, ndi kuti mnyamatayo akabwera ku Ulaya adzapeza ofuna kumuyesa.

Morphy adakwera sitima ya pamadzi mu Juni 1858, nafika ku Liverpool patatsala pang'ono kuti akwanitse zaka 21. Podikira Staunton adasewera ndi ena. Adakomananso ndi Löwenthal, amene tsopano ankakhala ku London, namgonjetsa ka 9, nagonja katatu, nalepherana naye kawiri. Ndalama zobetcherana, mapaundi 100, adagulira Löwenthal yemweyo katundu wa m'nyumba. Mu Ogasiti, ku Birmingham, adasewera ndi anthu 8 pa nthawi imodzi osapenya mathabwa ao, akungouzidwa pakamwa m'mene ali yense wasunthira, nasunga zonse m'mutu. Adagonjetsa 6, nalepherana ndi mmodzi, nagonja kwa mmodzi.

Koma Staunton ankangoti mawa, mawa. Iye adali ndi zaka 48, adali ataleka kusewera mwamphamvu, ndipo adali pa ntchito yaikulu yokonza mabuku a Shakespeare kuti asindikizidwe. Zifukwa zimenezi zidali zoona. Cholakwa chake chidali chakuti sadakane poyera pachiyambi, koma adasunga mlendoyo m'chiyembekezo miyezi ingapo, ndipo m'nyuzipepala yake mudatuluka mau omuonetsa Morphy ngati munthu wofuna ndalama. Mau amenewa adamlasa mtima koposa, pakuti adakhudza pa bala penipeni. Awiriwo adakhala pa thabwa limodzi kawiri kokha, yense ali ndi mnzake womthandiza, ndipo mbali ya Morphy idapambana kawiri konseko. Mpikisano weniweni sudachitike konse.

Nthawi yonseyi osewera a m'makalabu a ku America ankatsata nkhaniyi ndi chidwi. Waya wotumizira mau pansi pa nyanja ya Atlantic udaikidwa mu Ogasiti 1858, koma udangogwira ntchito masabata ochepa n'kuonongeka. Tsono nkhani zinkabwera pa sitima, zitagona m'njira masiku oposa 10. Sitima ikafika, nyuzipepala zinkasindikiza masewera atsopano, ndipo madzulo anthu ankaunjikana pa thabwa limodzi, wina akuwerenga, wina akusuntha tiziboliboli, ena akutsutsana za chimene Morphy achite potsatira. Makalabu atsopano adabuka m'mizinda yambiri, ndipo ochuluka adatchedwa dzina lake.

Ku Paris

Ataona kuti za Staunton zakanika, Morphy adaolokera ku Paris, kumene osewera ankasonkhana m'nyumba yomwera khofi yotchedwa Café de la Régence. Katswiri wa pamenepo adali Daniel Harrwitz. Iyeyu adapambana masewera awiri oyamba, nayamba kunyada; koma pambuyo pake sadapambanenso. Morphy atapambana kasanu, ndi kulepherana kamodzi, Harrwitz adati wadwala, naleka mpikisanowo. M'nyumba yomweyo, mu Seputembala, Morphy adaseweranso ndi anthu 8 osapenya mathabwa, kwa maora 10, nagonjetsa 6, nalepherana ndi awiri.

Padatsala Anderssen, wopambana wa 1851. Iyeyu sakadatha kusiya ana a sukulu pakati pa chaka, tsono adadikira tchuthi cha Khirisimasi, nayenda ulendo wautali kuchokera ku Breslau kudzafika ku Paris. Adapeza Morphy ali gone, akudwala m'mimba, ndipo madokotala, monga mwa chizolowezi cha nthawi imeneyo, adali atamuika misundu kuti imuyamwe magazi. Ngakhale adali wofooka, adavomera kusewera m'chipinda cha hotela, popanda kubetcherana ndalama. Adayamba pa 20 Disembala 1858. Anderssen adapambana masewera oyamba, achiwiri adalepherana, kenaka Morphy adapambana kasanu motsatizana. Pa 28 Disembala zonse zidatha: Morphy 7, Anderssen 2, kulepherana kawiri. Mphunzitsiyo sadawiringule. Adavomera poyera kuti mnyamatayo adamposa, namtamanda, nabwerera ku sukulu yake.

Chinsinsi cha kaseweredwe kake

Ambiri a masiku amenewo ankakonda kuthamangira mfumu ya mdani ndi ankhondo awiri kapena atatu, ena onse akali kugona pa mzere wao wa kumbuyo. Morphy adazindikira kuti mutu umodzi susenza denga. Poyamba ankatulutsa ankhondo ake onse, ali yense pa malo pamene angagwire ntchito, osasuntha mmodzi kawiri popanda chifukwa. Ankagwira pakati pa thabwa, nabisa mfumu yake pabwino, natsekula njira zoti nsanja ndi abishopu adzeremo. Zimenezi zitatheka mpamene ankaputa nkhondo, ndipo idali yaifupi, pakuti ake onse adali pa ntchito pamene a mnzake theka lidali lisanadzuke.

Chitsanzo chodziwika koposa ndi masewera amene adachita ku Paris m'chaka cha 1858 m'nyumba ya opera, ndiyo nyumba ya zisudzo zoimba. Adamuitana kumeneko ndi Duke Karl wa ku Brunswick ndi Count Isouard, amene adasewera naye mothandizana zisudzo ziri m'kati. Morphy adapereka kavalo, kenaka nsanja, potsiriza mfumukazi imene, nazinga mfumu yao pa kusuntha kwa 17. Pa nthawiyo iye adangotsala ndi nsanja imodzi ndi bishopu mmodzi, pamodzi ndi mfumu ndi asilikali wamba. Anzakewo adali akali ndi mfumukazi, kavalo, bishopu ndi nsanja, koma bishopuyo ndi nsanjayo adali asanasunthe n'kamodzi komwe chiyambire masewera. Aphunzitsi a tchesi amaonetsa masewera amenewa kwa ophunzira ao kuti aone okha kuti wankhondo wokhala chikhalire ali ngati palibe.

Ulemu wa kwao

Mu Epulo 1859 osewera a ku Paris adamchitira phwando lotsazikana, naveka nkhata ya masamba chifanizo cha mutu wake chimene adasema Eugène Lequesne. Pa 11 Meyi adafika ku New York, ndipo adamlandira ngati mtsogoleri wobwera ku nkhondo. Adampatsa tiziboliboli tagolide ndi tasiliva, ndi wotchi imene m'malo mwa manambala idali ndi zithunzi za ankhondo a tchesi. Ku Boston anthu ophunzira otchuka, monga Longfellow ndi Oliver Wendell Holmes, adakhala nawo pa phwando lake. Amalonda adatcha zipewa ndi ndudu dzina lake. Nyuzipepala ya New York Ledger idamlipira madola 3,000 kuti azilemba za tchesi chaka chimodzi.

Pakati pa chisangalalo chonsechi, mau amene iye adalankhula ku New York adali ozizira. Adati tchesi ndi masewera opumulira chabe, oyenera kuchitika ntchito zofunika zitatha, ndipo sayenera kumeza maganizo onse a munthu. Omvera adaomba m'manja, koma sadazindikire kuti adali kuwatsazika. Adalengeza kuti ali wokonzeka kusewera ndi munthu ali yense pa dziko, iye atachotsa msilikali mmodzi pa mbali yake ndi kulola mnzakeyo kuti ayambe ndiye. Palibe amene adabwera. Pamenepo adati za mipikisano watha nazo, nabwerera ku New Orleans kukayamba uloya, ali ndi zaka 22.

Zaka za mdima

Asanakhazikike pa ntchitoyo, m'chaka cha 1861 kudabuka nkhondo yapachiweniweni pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, imene gwero lake lidali nkhani ya ukapolo. Louisiana idali mbali ya kumwera. Mkulu wake Edward adalowa usilikali, koma Paul sadamenye nao nkhondoyo. Mu Epulo 1862 New Orleans idagwa m'manja mwa a kumpoto, ndipo chaka chomwecho iye adachoka, napita ku Havana, kenaka ku Paris. Nkhondo idatha m'chaka cha 1865, itasiya mabanja ambiri a kumwera ali osauka ndi oŵaŵidwa mtima.

Adayesanso kutsekula ofesi ya uloya, koma sizidamuyendere. Anthu olowa pakhomo pake ankabwera kudzaona katswiri wa tchesi ndi kudzacheza za Anderssen ndi Staunton. A milandu ankapita kwa maloya ena. Mwana wa woweruza wamkulu, amene adadziwa malamulo pamtima asanafike zaka 20, adasanduka chinthu chongoonetsa alendo. M'mene anthu adalimbikira kumkumbutsa za tchesi, ndi m'menenso iye adaipidwira nayo, mpaka sadafunenso kuti dzina la masewerawo litchulidwe pamaso pake. Munthu mmodzi yekha amene adapitiriza kusewera naye mwakachetechete ndi Maurian uja, Morphy atachotsa kavalo mmodzi pa mbali yake kuti mphamvu zifanane. Masewera ao otsiriza odziwika ndi a m'chaka cha 1869.

Chuma cha atate ake chidamkwanira kudya ndi kuvala, tsono njala sidamkakamize kufuna ntchito ina. Sadakwatire. Ankakhala ndi amai ake ndi mlongo wake m'nyumba ya makolo pa Royal Street. Tsiku ndi tsiku ankavala bwino, nayenda mu Canal Street, ndipo madzulo ankapita kukamvera nyimbo ku opera. Pang'ono pang'ono maganizo ake adayamba kusokonezeka. Adakhulupirira kuti mlamu wake adamdyera chuma cha masiye, namsumira ku bwalo, koma mlanduwo udamgomera. Adayamba kuopa kuti ena afuna kumthira mankhwala m'zakudya. M'chaka cha 1875 abale ake adamtengera ku Louisiana Retreat, nyumba yosamalira odwala misala imene ankayang'anira ndi Asisteri. Koma iye adalongosola ufulu wake monga mwa malamulo momveka bwino kotero kuti sadamsunge, ndipo adabwerera naye kunyumba. Pa nkhani zina zonse adali wanzeru ndi waulemu monga kale.

M'chaka cha 1883 Wilhelm Steinitz, amene pa nthawiyo adali wamphamvu koposa pa tchesi, adafika ku New Orleans, napempha kuti amuone. Morphy adalola, koma pokhapokha asakambe za tchesi. Adacheza kanthawi kochepa, nasiyana.

Pa 10 Julayi 1884, atabwera koyenda pa dzuwa lotentha la masana, adalowa m'bafa la madzi ozizira, ndipo adampeza momwemo atamwalira. Madokotala adati magazi adaunjikana mu ubongo. Adali ndi zaka 47. Adaikidwa m'manda a banja lao ku St. Louis Cemetery No. 1, pamaso pa anthu owerengeka. Patapita zaka ziwiri, m'chaka cha 1886, Steinitz ndi Johannes Zukertort adachita mpikisano woyamba wolimbirana dzina la katswiri wa dziko lonse lapansi, ndipo chigawo chake chotsiriza chidachitikira mu New Orleans momwemo.

Zimene adasiya

Masewera ake olembedwa alipo oposa 400. Njira imene adaikonda poyankha mayambidwe aja a Ruy López imatchedwa dzina la Morphy, ndipo akatswiri akali kuigwiritsa ntchito. Bobby Fischer, Mwamereka amene adakhala katswiri wa dziko lonse m'chaka cha 1972, adamuika Morphy pakati pa osewera 10 opambana onse a m'mbiri.

Koma wofuna kumvetsa moyo wake ayenera kuuyika pambali pa moyo wa Anderssen, amene iye adamgonjetsa. Anderssen sadachite manyazi ndi tchesi, ndiponso sadalole kuti imchotse pa ntchito yake. Adaphunzitsa masamu ku Breslau moyo wake wonse, nasewera pa nthawi ya tchuthi. Atagonja ku Paris sadataye mtima: adapambananso mpikisano waukulu wa ku London m'chaka cha 1862 ndi wa ku Baden-Baden m'chaka cha 1870, namwalira m'chaka cha 1879 ali wolemekezeka kwa ophunzira ake ndi kwa osewera anzake. Mphatso yake idachepa poyerekeza ndi ya Morphy, koma adaipezera malo m'moyo wake.

Morphy malo amenewo sadawapeze, ndipo mlandu wake suli pa iye yekha. A kwao adamlera m'maganizo akuti luso lake lalikulu ndi chinthu chosayenera munthu waulemu. Nkhondo idamuonongera zaka zoyambira ntchito. Matenda a maganizo adachita mbali yake, ndipo pa matenda munthu saimbidwa mlandu. Koma mbali ina idali ya omtama aja, amene ankaunjikana pa thabwa kuwerenga masewera ake. Iwo adakonda masewerawo, ndipo adachita bwino kuwakonda. Koma pamene mwini wake adawapempha kuti amlandire ngati loya ndi ngati mnansi, sadamve. Mwa onse amene adaimba dzina lake m'chaka cha 1859, amene adakhala naye pafupi mpaka potsiriza adali a pabanja pake ndi Charles Maurian, wosewera wa m'kalabu ya kwao, amene adamdziwa ali mnyamata pa sukulu, dziko lisanamve za iye.